Nyumba zosamalira agogo odwala dementia: England ndi Scotland amasiyana pati?

Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri amene ali ku Britain akugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba. Ochuluka mwa agogo a m'nyumbazi amadwala dementia, matenda amene amafooketsa ubongo mpaka munthu kuiwala ana ake, njira ya kuchipinda kwake, ngakhale kumeza kumene. Munthu wotere sangathe kudandaula yekha akamazunzika. Nchifukwa chake nkhani yagona pa amene akuyang'anira nyumbayo, ndipo apa England ndi Scotland, ngakhale ali pa chilumba chimodzi, anatenga njira zosiyana.

Ku England nyumba zimayenderedwa ndi Care Quality Commission, imene anthu amangoti CQC. Imafunsa mafunso asanu: ngati malowo ndi otetezeka, ngati chisamaliro chikuthandiza, ngati antchito ali ndi chifundo, ngati akumva zosowa za munthu aliyense, komanso ngati utsogoleri uli bwino. Kenako imapereka chiweruzo chimodzi mwa zinayi: Outstanding (yapamwamba), Good (yabwino), Requires improvement (yofunika kukonza) kapena Inadequate (yosakwanira). Ku Scotland ntchitoyi ili m'manja mwa Care Inspectorate, yomwe imapereka magiredi kuyambira 1 (yotsikitsitsa) mpaka 6 (yapamwamba). Magiredi asanu ndi limodzi amaonetsa bwino nyumba imene ikungokwanitsa movutikira ndi imene ikuchitadi bwino. Koma chiweruzo chilichonse chimakalamba. Kafukufuku wa 2024 wa Penny Dash, amene boma linamutuma kuunika ntchito ya CQC, anapeza kuti ziweruzo zambiri za CQC zinali za zaka zingapo zapitazo, choncho musanakhulupirire mawu akuti Good pakhoma, yang'anani tsiku limene anayendera.

Kusiyana kwakukulu kuli pa wantchito mwiniyo. Ku Scotland wosamalira aliyense m'nyumba ya okalamba ayenera kulembetsa ku Scottish Social Services Council, bungwe losunga kaundula wa osamalira, ndi kupeza SVQ, setifiketi ya maphunziro a ntchito ya ku Scotland. Akazunza gogo amafufutidwa m'kaundula, ndipo sangangosamukira ku nyumba ina mumsewu wotsatira. England ilibe kaundula wotere wa osamalira. Imadalira kufufuza mbiri ya milandu kudzera ku bungwe la boma la DBS ndi maphunziro oyambira a Care Certificate, amene ubwino wake umadalira bwana amene akuphunzitsa. Apa Scotland inachita bwino, ndipo Wales inatsatira njira yomweyo. Wachibale akadandaula, Care Inspectorate imafufuza dandaulo lakelo, pamene CQC sifufuza dandaulo la munthu mmodzi: limayamba ku nyumbayo kenako kwa Ombudsman, ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo.

Pa chitseko chokhoma, England ndiyo ili patsogolo. Gogo wodwala dementia amakonda kudzuka madzulo nkumati akupita kwawo, kapena akukatenga ana kusukulu, ana amene pano ali ndi imvi. Kumutsekera nkumulanda ufulu, ngakhale cholinga chili chabwino. Ku England, pansi pa lamulo la Mental Capacity Act 2005, nyumba iyenera kupempha ku khonsolo chilolezo chomutsekera, chotchedwa DoLS. Pakachitika zadzidzidzi nyumbayo ingadzipatse chilolezo cha masiku 7, ndipo chokhazikika sichipitirira miyezi 12. Vuto ndi lakuti makhonsolo amachedwa kwambiri. Scotland ili ndi Adults with Incapacity Act ya 2000, koma ilibe njira yofanana ndi DoLS, ndiye nthawi zambiri banja limapita kukhoti kukapempha kukhala woyang'anira, zomwe zimatenga nthawi.

Mankhwala ndi pamene zambiri zimalakwika, mbali zonse ziwiri. Gogo akamalavula mapiritsi, wosamalira wotopa amaganiza zowaphwanya nkuwathira m'phala. Osatero. Kubisa mankhwala m'chakudya kumaloledwa pokhapokha zitatsimikizika kuti munthuyo sangathe kusankha yekha, dokotala ndi achibale atagwirizana, wa ku famase atavomereza, ndipo zonse zitalembedwa. Ku Scotland dokotala amasaina setifiketi ya section 47, yolola kupereka mankhwala kwa munthu wosatha kusankha yekha. Wa ku famase ndi wofunika chifukwa mapiritsi ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Ukawaphwanya, mphamvu ya tsiku lonse imalowa m'thupi nthawi imodzi. Mankhwala ogonetsa mtima ngati risperidone ndi oopsanso, amawonjezera ngozi ya sitiroko, ndipo pa dementia risperidone inaloledwa kwa milungu 6 yokha. Lipoti la 2009 la Sube Banerjee, katswiri wa dementia, linayerekeza kuti mankhwala a mtundu umenewu ankachititsa imfa zowonjezera pafupifupi 1,800 pa chaka. Gogo akayamba ukali mwadzidzidzi, yambani mwafufuza ululu, kudzimbidwa, ludzu kapena matenda a m'chikhodzodzo.

Miyezo ya chitetezo cha nyumba ndi imodzi konsekonse, poti Health and Safety Executive, bungwe loona za chitetezo pa malo a ntchito, imagwira mayiko onse awiri. Madzi osamba asapitirire madigiri 44, ndipo ayezedwe ndi chipangizo, osati ndi dzanja lovala gulovu, chifukwa gogo akhoza kupsa osakuwa. Mawindo a m'mwamba asatseguke kuposa mamilimita 100. Zitsulo za m'mbali mwa bedi zimaoneka ngati chitetezo, koma wosokonezeka amazikwera nkugwa kuchokera pamwamba, kapena khosi limapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Bedi lotsika ndi mphasa yoliza belu akaponda nthawi zambiri zimaposa. Kwa wovutika kumeza, chakudya ndi zakumwa zimatsata milingo ya kufewa ndi kulimba yotchedwa IDDSI, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo ufa wolimbitsa zakumwa usasiyidwe pafupi, poti ukadyedwa wouma umatseka kummero.

Pa moto, Scotland inaphunzira mowawa. Mu 2004 okalamba 14 anafa pa moto wa ku Rosepark, ku Uddingston, ndipo kuyambira 2005 nyumba zatsopano zimayenera kukhala ndi mapaipi opopera madzi a kudenga. England inadikira mpaka 2025 kuti ilamule zimenezi pa nyumba zonse zatsopano. Nyumba zakale zambiri zilibe, choncho kutseka zitseko za zipinda usiku ndi kudziwa amene sangathe kuyenda yekha nkofunikabe.

Palibe dziko mwa awiriwa limene linalemba kuti wosamalira mmodzi asamalire agogo angati. England imangoti antchito akhale okwanira. Scotland, kuyambira April 2024, ili ndi lamulo lokakamiza nyumba kuonetsetsa kuti antchito oyenera alipo nthawi zonse, koma nambala sinayikidwe. Ndiye ngati mukufunsira ntchito kapena mukufunira kholo malo, funsani kuti pa shifiti ya usiku pamakhala anthu angati pa nsanjika iliyonse, angati mwa iwo ndi a ejensi osawadziwa agogowo, ndiponso amene amatsala pakhonde awiri akalowa m'chipinda kukanyamula munthu ndi makina.