Kalulu sanunkha, chonunkha ndi mkodzo wogonera

Ndivomere kaye kuti inenso ndinali m'gulu la anthu amene amati malo a kalulu ndi mumphika basi. Kwathu ku Angónia akalulu timawaweta m'khola la m'mwamba kuseri kwa nyumba, ndipo kukabwera alendo mmodzi amachepa. Ndiye tsiku limene achimwene anga anatsika chapa (minibasi) kuno ku Moatize atanyamula katoni yoboolaboola, m'kati muli kakalulu koyera, ine maganizo anali kale pa anyezi ndi tomato. Mwana wanga atangoona nkhope yanga anati, "Amayi, uyu si ndiwo. Amalume andipatsa ine, dzina lake ndi Kachewere." Mpeni ndinabwezera pamalo pake.

Umu munali mu Julayi. Tinamukonzera malo pakhonde la kuseri, ndipo miyezi iwiri yoyamba panalibe chodandaula. Kenako Okutobala anafika. Inu a ku Ulongwe ndi ku Tsangano amene mumafunda bulangete mpaka Seputembala simungamvetse, koma kuno kuchigwa cha Zambezi dzuwa limapitirira madigiri 40, simenti n'kumawotcha mapazi ngakhale madzulo. Tsiku lina eni nyumba anabwera kudzatenga ya lendi, anaima pakhomo, kununkhiza uku ndi uku, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi chimbudzi chija chadzaza?" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Usiku womwewo bambo a kunyumba anagamula kuti nyamayi ipite. Ine ndinapempha sabata imodzi, osati chifukwa chomukonda Kachewere ayi, koma ndinkaopa maliro amene mwana akanalira.

Zimene ndinapeza m'sabata imeneyo ndi zimene zandilembetsa izi, chifukwa ndatopa kumva anthu akunena kuti kalulu ndi nyama yauve. Tolani kambulu kamodzi ka ndowe zake, mukaphwanye ndi zala. Mupeza kuti ndi udzu wokhawokha, wouma, wopanda fungo lililonse. Kalulu mmodzi amatulutsa timibulu totere 200 kapena 300 patsiku, ndipo tonseto mungasese ndi tsache popanda kugwira mphuno. Mutengeni iye mwini mumununkhize pamsana, samveka kanthu, chifukwa tsiku lonse amakhalira kudzinyambita ngati mphaka. Mlandu waukulu uli pa mkodzo, ndiponso osati umene wangotuluka kumene, koma umene wakhalitsa. Ukagona pamalo, tizilombo tosaoneka ndi maso timausandutsa mpweya wa amoniya, uja wolasa m'mphuno ndi kutulutsa misozi. Kukatentha ntchito imeneyi imafulumira. N'chifukwa chake khola limene ku Angónia mumasesa kawiri pasabata, kuno likangogona tsiku limodzi anansi ayamba kutseka mawindo. Ndipo ngati inu mukulimva fungolo mutaimirira, ganizirani mwini wake amene mphuno yake ili pansi pomwepo usana ndi usiku. Amoniya amamupweteka m'maso ndi m'chifuwa.

Choyamba chimene aliyense anandilangiza ndi phulusa. Tonse tinakula tikuthira phulusa m'chimbudzi, ndiye ndinathira mbale yonse. Kulakwa kwake! Phulusa likanyowa limasanduka chidulo, chomwe chija timaphikira therere, ndipo chidulo chikakumana ndi mkodzo amoniya amatuluka wochuluka kuposa kale. Kuwonjeza apo kalulu alibe zikhatho zolimba ngati galu, kumapazi kwake kuli ubweya wokha, ndiye kuponda phala la phulusa tsiku lonse n'kumuitanira zilonda. Kachewere anatuluka m'menemo ali mbuu ngati wa gule, akuyetsemula.

Zopopera zonunkhira za m'sitolo musatayirepo ndalama. Mumangokhala ndi mafungo awiri m'malo mwa limodzi. Koma chimene ndikufuna muchimve bwino ndi cha javel, ena mumati Jik. Musathire pamkodzo, ndipo musasakanize ndi viniga. Zonse ziwirizi zimatulutsa mpweya wapoizoni, woopsa kwa kalulu, kwa mwana amene akukwawa pafupi, ngakhale kwa inu amene mwawerama ndi chikolopa.

Chimene chinandipulumutsa ndi khalidwe la kalulu mwini. Nyamayi simakodza paliponse, imasankha ngodya imodzi n'kumabwerera pomwepo. Ine poyamba ndinaika beseni pamene pankandikomera ine, pafupi ndi khomo, iye osalilabadira n'komwe. Nditalisunthira pangodya yake, n'kuikamo kapepala konyowa ndi mkodzo wake ndi timibulu tingapo, patangopita masiku atatu anazolowera. Beseni lake ndi lapulasitiki wamba, lalifupi m'mbali kuti azidumphiramo mosavuta. Pansi ndimayala mapepala akale ndi zidutswa za katoni kuti zimwe madzi, pamwamba udzu wouma wambiri. Kalulu amakonda kudya uku akudzithandiza, ndiye udzu ukakhala pomwepo amakhalitsa m'besenimo, simenti n'kukhala youma.

Mabeseni ndili nawo awiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. M'mawa uliwonse ndisanateleke madzi a tiyi ndimakhuthula limene wagonera, kulitsuka, kulisiya padzuwa, n'kulowetsa linzake. Dzuwa lomwe lija limatizunza ndi limene limaumitsa beseni mpaka fungo kutheratu. Nthawi yozizira mukhoza kudumpha tsiku, koma mu Okutobala ndi Novembala musayerekeze.

Mukayang'ana pansi pa beseni mudzaona zoyera zokakamira ngati njereza. Mkodzo wa kalulu umakhala ndi kashiamu wambiri, ndipo zoyerazo ndi zimene zimasunga fungo ngakhale mutatsuka. Ndinapala ndi sopo mpaka zikhadabo kuthyoka, osachoka. Viniga woyera, theka madzi theka viniga, mungothira n'kusiya kanthawi. Mudzamva kuti syee, tithovu tikutuluka, kenako zimachoka ndi kansanza chabe. Mutsukuluze ndi madzi ambiri musanabwezere.

Pa zoyala pansi, achimwene anafuna kunditumizira thumba la utuchi wa paini, poti kumtunda kuja ocheka matabwa amangoutaya. Ndinakana. Kafungo kokoma ka paini wosaumitsidwa bwino kamachokera ku mafuta a mtengowo, ndipo mafuta amenewo sagwirizana ndi chiwindi ndi mapapo a kalulu. Mchenga wa amphaka umene amagulitsa m'masitolo akuluakulu mumzinda wa Tete, makamaka uja woundana ukanyowa, nawonso ayi. Kalulu amalawa chilichonse, ndipo ukakaundana m'mimba mwake mwataya chiweto.

Fungo lina limachokera m'mbale. Ife tinazolowera kukhutitsa akalulu madeya kuti anenepe msanga, poti cholinga chimakhala mphika. Koma kalulu ali ndi ndowe za mtundu wachiwiri, zofewa, zomatana ngati kaphava ka nthudza, zimene amadya yekha zikamatuluka, makamaka usiku. Musanyansidwe, ndi m'mene thupi lake limapezera zakudya zina. Mukamuchulutsira madeya amazisiya, n'kuzikhalira, zimamatirira kumbuyo, ndipo izi ndiye zimanunkha zedi. Nditachepetsa madeya n'kuchulutsa udzu, chisoso ndi kholowa pang'ono, vutoli linatha. Kumbuyoko muziyang'anako tsiku lililonse nyengo yotentha, chifukwa ntchentche zikaikira mazira paubweya wonyowa, mphutsi zimaswa tsiku lisanathe n'kuyamba kumudya wamoyo. Pakada, pukutani pokhapo ndi kansalu konyowa. Osamumiza m'madzi ngati mukuchapa malaya, amachita mantha oti akhoza kufa nawo.

Chimene chinatsala ndi chachimuna chake. Kalulu wamphongo akafika miyezi 4 mpaka 6 amayamba kuwaza mkodzo m'makoma polemba malire, ndipo wake umanunkha kwambiri. Kachewere anawaza mpaka nsapato za bambo a kunyumba, tsiku lomwe ndinkawauza kuti zinthu zayamba kuyenda bwino. Mankhwala ake ndi kumufula, koma kwa dokotala wa ziweto. Asakunamizeni a pamudzi kuti amangomanga mphira ngati mbuzi, thupi la kalulu silinapangidwe choncho.

Zokhuthula m'beseni zija sinditaya. Ndimaunjika kuseri, ndipo timibuluto ndimathira mwachindunji pabedi la mpiru chifukwa sitiwotcha mbewu ngati zitosi za nkhuku.

Vuto langa panopa ndi udzu. Kuno tchire lonse lapsa, kwangotsala minga ndi fumbi la malasha. Ngati alipo amene akutsika sabata ino kuchokera ku Ulongwe kapena ku Zóbuè, chonde ndinyamulireniko thumba limodzi la udzu wouma bwino, wosachita nkhungu. Ya chapa ndibweza.