Magazi okha sapanga gemu kukhala ya akuluakulu

Achimwene amene mwalemba nkhaniyi, apa mukuti gemu ya akuluakulu ndi ya magazi ndi maliseche mwaphonya. Mwana amawombera anthu pa gemu ya GTA (Grand Theft Auto) uku akuseka, palibe chomukhudza mumtima. Tayesani This War of Mine, gemu ya ku Poland ija ya 2014, anaitengera pa nkhondo ya ku Sarajevo, mzinda wa ku Bosnia. Simukhala msilikali ayi, ndinu anthu wamba obisala m'nyumba yogumuka, njala ili thoo. Ine usiku wina mu gemumo ndinakaba mankhwala ndi zakudya kwa agogo awiri, aamunawo kumangonditsata pambuyo akudandaula kuti ndiwasiyireko, osandimenya olo pang'ono. Pobwerera munthu wanga wa mu gemu uja kukhumudwa, ntchito osaifunanso. Ndinangotseka laputopu, nsima sinatsike bwino tsiku limenelo. Enanu munawabera agogo aja kapena munawasiya?