Ku Japan lupanga limodzi, ku Korea nyundo ndi wefuwefu

Kuchokera ku Busan ku South Korea kukafika ku Fukuoka ku Japan ndi makilomita pafupifupi 200 pa nyanja. South Korea ndi Japan onse ali ndi malamulo okhwima pa mfuti. Ku Korea ngakhale mfuti ya mlenje imagona ku polisi. Wopanga filimu ya ndewu kumeneko sangagawire aliyense mfuti ngati a ku Hollywood, owonera angamuseke. Mfuti zimaoneka ndithu, makamaka m'mafilimu a zigawenga za yakuza, koma ndewu yosaiwalika ndi ija adani amayandikana mpaka kununkhizana thukuta. Akayandikana choncho, anansi awiriwa amasiyana njira.

Ajapani anatengera zambiri ku mafilimu awo a malupanga, omwe amawatcha chanbara. Amuna awiri aima maso ndi maso. Nyimbo zii, kamera njo, palibe wophethira. Iwe wowonera mtima uli m'mwamba, ukudikira. Kenako lupanga lang'anima kamodzi, wina wagwa, zatha. Akira Kurosawa anamaliza filimu yake ya Sanjuro ya 1962 motero: bata lalitali, kutema kumodzi, magazi n'kuthovoka. Takeshi Kitano, m'mafilimu ake a zigawenga a m'ma 1990, anangosintha chida. Nkhope siisonyeza kalikonse, ndipo chiwawa chimabwera mwadzidzidzi ngati mphenzi ya masana. Kwa iwo mantha ali pa kudikira.

Ku Korea munthu safa msanga. Taonani ndewu ya mu kolido mu filimu ya Oldboy ya 2003. Siteringi ali yekha ndi nyundo, adani ndi chigulu chonyamula zibonga, ndipo kamera ikungoyenda cham'mbali mphindi pafupifupi zitatu osadula chithunzi. Amugwetsa, amupondaponda, amubaya mpeni kumsana, adzuka. Pakatikati onse atopa, agwira mawondo, akupuma wefuwefu, kenako ayambiranso. Palibe kukongola kwa ankhondo akale pamenepo. Ndi ndewu ya anthu amene mphamvu zikuwathera, ndipo iwenso umatuluka utatopa nawo.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya filimu imeneyi inachokera m'mabuku a zithunzi a ku Japan, a manga. Chifukwa cha zowawa za utsamunda wa Japan wa 1910 mpaka 1945, South Korea inali italetsa mafilimu ndi nyimbo za ku Japan, ndipo chitseko chinayamba kutseguka mu 1998, nthawi ya Pulezidenti Kim Dae-jung. Patangopita zaka zisanu, wopanga mafilimu Park Chan-wook anatenga nthano ya mnansiyo, naisintha kwambiri, ndipo mu 2004 filimuyo inapata mphoto ya Grand Prix pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes.

Wapolisi nayenso amasiyana. Wofufuza milandu wa m'mafilimu ambiri a ku Japan ndi munthu wadongosolo: atola umboni pang'onopang'ono, alumikiza zonse, pomaliza wolakwa afotokoza chomwe chinamuchititsa. Wa ku Korea amafika mochedwa, amapondereza umboni ndi nsapato zake, amamenya woganiziridwa kuti avomere mlandu womwe sanapalamule. Sizinangochokera m'mutu mwa olemba ayi. Dzikolo linali m'manja mwa asilikali mpaka 1987, ndipo khoti la malamulo aakulu linagamula mu 1996 kuti kupima mafilimu asanaonetsedwe n'kosemphana ndi malamulo. Pakamwa patatseguka, mkwiyo wa zaka zambiri unatulukira pa wapolisi wa m'filimu. Filimu ya Memories of Murder ya 2003 imatha wakupha asanagwidwe, poti kuphedwa kwa azimayi ku Hwaseong ku Korea pakati pa 1986 ndi 1991, komwe filimuyi inatengerako nkhani yake, kunali kusanapezedwe mwini wake. Anadzadziwika mu 2019 kudzera mu DNA, ali kale m'ndende pa mlandu wina.

Ine mtima wanga umapendekera ku Korea, ngakhale ndikudziwa chilema chawo. Nkhani ya kubwezera aibwereza mpaka yasukuluka, ndipo nthawi zina magazi amangochuluka popanda chifukwa. Koma amatha kukuseketsa pamalo pomwe pagona mtembo, n'kukuchititsa manyazi ndi kuseka kwakoko mphindi yotsatira. Bata la Ajapani ndimalilemekeza, kungoti limafuna wowonera amene wazimitsa foni. Ukayang'ana kumbali pang'ono chabe, upeza munthu wagwa kale, lupanga labwerera m'chimake.