Dzina ndi la Grimké, koma ine mtima uli pa Nancy Weston

Anthu akamakamba za banja la Grimké la ku Charleston, m'boma la South Carolina ku America, amathamangira kutamanda Sarah ndi mng'ono wake Angelina. N'zomveka. Anabadwira m'nyumba ya azungu yodzaza ndi akapolo, koma anachokamo n'kuyamba kudzudzula ukapolo pagulu. Kalata imene Angelina analembera amayi achikhristu a kum'mwera mu 1836 anthu a kwawo anaitentha poyera. Sizinali zamasewera.

Komatu mlongo wawo Henry anabereka ana atatu aamuna, Archibald, Francis ndi John, mwa kapolo wake Nancy Weston. Henry atamwalira mu 1852, anawo anatsala m'manja mwa Montague, mwana wake wa m'banja. Magazi amodzi, bambo mmodzi, koma Montague anadzawatenga anyamatawo kuti azimugwirira ntchito ngati akapolo, ndipo Francis anagulitsidwa kwa msilikali. Zaka zonsezo amene ankawadyetsa ndi Nancy, ndi ndalama za kuchapa ndi kusita zovala za anthu.

Angelina anadziwa za anawa mu 1868 basi, atawerenga m'nyuzipepala za wophunzira wina wa ku Lincoln University dzina lake Archibald Grimké. Anamulembera kalata, ndipo iye ndi Sarah anawavomereza poyera kuti ndi ana a mlongo wawo, n'kuwathandiza ndi fizi. Archibald anakaphunzira zamalamulo ku Harvard, kenako anatsogolera nthambi ya ku Washington ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, n'kulandira mendulo yaulemu ya bungwelo, Spingarn Medal, mu 1919. Francis anakhala m'busa wa mpingo wa Presbyterian mumzinda womwewo. Mwana wa Archibald, Angelina Weld Grimké, yemwe anamutcha dzina la azakhali a bambo akewo, analemba sewero la Rachel, loonetsedwa mu 1916, lonena za nkhanza ndi kuphedwa kwa anthu akuda.

Azakhaliwo anachita bwino, sindikutsutsa ayi. Chimene chimandiwawa n'choti nkhaniyi timaifotokoza ngati ya azungu awiri a mtima wabwino amene anatola ana osiyidwa. Anawa sanali osiyidwa. Pamene Angelina ankaona dzinalo m'nyuzipepala, anyamata anali ali kale ku koleji, ndipo amene anawalera mpaka kufika msinkhu umenewo ndi mayi amene manja ake ankakhalira m'madzi a sopo. Mendulo ya Archibald, guwa la Francis, sewero la mdzukulu, zonse zalembedwa Grimké. Weston palibe.