Namasupuni: kwathu timamuvuula, kuno ku Joni amamutumizira tizilombo

Mukafika pa damu la Hartbeespoort, kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, masamba amene akuta madziwo simungawasokoneze: ndi namasupuni yemwe uja wa mu Shire. Kwawo ndi ku South America, ndipo kukatentha amawirikiza kawiri m'masabata awiri okha.

Kwathu nkhani yake ndi ya magetsi. Akatsika ndi madzi amatseka zosefera pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makina n'kuima. N'chifukwa chake pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde pali chotchingira choyandama ndi makina omuvuula. Zimathandiza, koma dizilo amadya ndalama, ndipo kachidutswa kotsala kamaphukanso.

Kuno amadalira kwambiri kachilombo kotchedwa Megamelus scutellaris, kamene akatswiri a ku Rhodes University amaweta. Kamayamwa madzi a m'masamba, m'mabalamo mumalowa matenda, chomera n'kuwola mpaka kumira. Chovuta ndi chisanu cha June ndi July. Chimapha tizilombo tambiri, pamene njere za namasupuni zimangogona m'matope, zina mpaka zaka 20. Ndiye amasunga tizilomboti m'nyumba za pulasitiki nyengo yozizira, n'kutimwaza tambirimbiri kukayamba kufunda, mbewuzo zikadali zanthete. Mukachedwa mwezi umodzi, namasupuni wakutsogolerani kale. Malawi naye anabweretsa anankafumbwe a Neochetina odya namasupuni m'zaka za m'ma 1990, ndipo ife tikuona kuti kuweta kosalekezaku kungatipindulire kuposa kuno, poti ku Chikwawa ndi Nsanje kulibe chisanu chotere.

Lamulo nalonso n'lolimba: pa NEMBA, lamulo la South Africa loteteza zachilengedwe, namasupuni ali m'gulu la 1b, kutanthauza kuti kumubzala, kumugulitsa kapena kumusunga m'kadziwe ka pakhomo ndi mlandu. Abale ogwira ntchito m'magadeni, abwana akakopeka ndi maluwa ake, auzeni zimenezi, ndipo mukamuzula muumitseni kutali ndi ngalande.

Komabe a kuno asadzitame. Mitsinje ya Jukskei ndi Crocodile imathira m'damumo zonyansa za m'masuweji a Johannesburg, chakudya chenicheni cha zomerazi. Namasupuni atachepa, udzu wina woyandama, Salvinia minima, unalowa m'malo mwake. Kwathu namasupuni amanenepa ndi dothi ndi feteleza zokokoloka m'mapiri amene mitengo yake inathera ku makala.