Chenjezo kwa inu a mafoni: ntchito ya Big Brother mukumugwirira ndinu, ulele

Ana inu, adzukulu inu, ngakhalenso inu akuluakulu anzanga amene mafoni akuzunguzani mitu, mundimvere mpaka kumapeto musangowerenga mizere iwiri nkuyamba kuyankha. Khalidwe lafika pa intaneti masiku ano ndi loipa ndipo ine likundiwawa. Mnzako wakuuza zakukhosi pa WhatsApp, iwe wajambula screenshot wakaponya mu gulupu. Munthu wachita ngozi pamsewu, mmalo mothamangira kukamunyamula mwatulutsa mafoni, achibale ake akudziwira pa Facebook kuti mwana wawo wamwalira. Wina wangolemba maganizo osiyana ndi anzake, mwamugwera ngati wapha munthu, mwafukula zithunzi za mkazi wake, kumene amagwira ntchito, tchalitchi chake, zonse pambalambanda. Kenako anthu omwewo ndi amene mumakuwa kuti boma likutiyang'anira, Big Brother wafika.

Big Brother ameneyo ambiri a inu mumangomudziwira pa pulogalamu ya pa TV ija ya anthu otsekeredwa mnyumba ku Johannesburg. Gwero lake ndi buku la George Orwell lotchedwa 1984, momwe Big Brother ndi mtsogoleri wa chipani cholamula woyang'anira aliyense, lomwe linatuluka mu 1949, mwiniwake nkumwalira mu January 1950 ndi chifuwa chachikulu. Mukanaliwerenga bwenzi mukuchita manyazi, chifukwa chimene chimaopsa mbukumo si makina okha ayi. Zoona, nyumba za anthu a chipani zili ndi telescreen, chipangizo chonga TV chimene chimakuonetsa zinthu uku nachonso chikukuona ndi kukumvetsera, ndipo munthu wamba wa chipani sangachizimitse. Koma taonani za Parsons, neba wa Winston Smith, mwini nkhani wa bukuli. Munthu ameneyu ankakonda chipani ndi mtima wonse, wa thukuta, wosavuta, wosonkhetsa ndalama za zikondwerero za boma. Anamangidwa bwanji? Mwana wake wamkazi wa zaka 7 anamvetsera pa bowo la kiyi, nkumva bambo ake akubwebweta kutulo mawu onyoza Big Brother, mmawa anakawanenera. Ndipo chomvetsa chisoni kwambiri, Parsons ali mselo akunyadirabe kuti mwana wake anamulera bwino. Winston nayenso amene anamupereka ndi bambo wachikulire wa sitolo ya zinthu zakale, Charrington, yemwe anamubwereketsa chipinda mwaulemu koma anali wa polisi ya maganizo. Boma la mbukumo likanakhala lopanda ana, maneba ndi anthu omwetulira oligwirira ntchito silikanafika mchipinda chogona cha aliyense.

Muli chinanso mbuku lomwelo chimene ndikufuna muchiganizire bwino. Tsiku lililonse ogwira ntchito amasonkhanitsidwa kutsogolo kwa sikirini kwa mphindi 2 kuti adane ndi munthu mmodzi, Emmanuel Goldstein, mdani wamkulu wa chipani, kumukuwiza, kumutukwana, ena mpaka kugenda sikiriniyo. Winston amadana ndi chipani mumtima mwake koma pakapita masekondi ochepa amapezeka nayenso akukuwa limodzi ndi gulu, ndipo Orwell akuonetsa kuti mkwiyo umenewo ulibe mwini, lero uli pa uyu, pompano utha kusunthidwa kupita pa wina. Tandiuzeni, kodi zimene mumachita pansi pa post ya munthu amene "watchuka" sabata imeneyo zikusiyana pati? Lolemba ndi woimba, Lachitatu ndi mtsikana amene kanema wake wina watulutsa mwankhanza, Loweruka ndi m'busa. Ambiri mwa otukwanawo nkhani sakuidziwa nkomwe, angoona anzawo akugenda iwonso atola mwala. Kusiyana kwake nkwakuti Winston ankakakamizidwa, inu mumagula bandulo ndi ndalama zanu kuti mukachite nawo.

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi zinthu izi sitimaziwerenga ngati nthano. Tikukumbuka khadi ya chipani imene umafunsidwa pamsika ngakhale pokwera basi, tikukumbuka lamulo la censorship la 1968 ndi bolodi yake imene inkaletsa mabuku, nyimbo ndi magazini, lamulo la kavalidwe la 1973 loletsa amayi thalauza ndi siketi yaifupi, amuna kumetedwa tsitsi likatalika. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 nkukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Koma funsani agogo anu chimene chinkaopsa koposa, akuuzani kuti sunkadziwa kuti pa anthu amene wakhala nawo pa mowa kapena mu staff room ndani akakunenere, ndiye aliyense ankayankhula monong'ona, ngakhale mnyumba mwake momwe. Anthu anavutika kuti zimenezi zithe, kalata ya ma bishopu ya mu March 1992, referendum ya pa 14 June 1993, ena anataya miyoyo. Lero mwana wobadwa mu ufulu akudzipereka yekha kukhala kazitape wa mnzake, popanda womutuma, popanda malipiro, kungofuna ma like basi. Zimenezi ndiye zimandikwiyitsa.

Ray Bradbury mu Fahrenheit 451, la mu 1953, anachinena poyera. Mbukumo ozimitsa moto ntchito yawo inasanduka yotentha mabuku, ndipo mkulu wawo Beatty akufotokozera Montag, mwini nkhani yemwenso ndi wotentha mabuku, kuti poyamba silinali lamulo lochokera kumwamba ayi, anthu eni ake anasiya kuwerenga, ankafuna zachidule, zachangu, zoseketsa, zosakhumudwitsa aliyense, boma linangobwera pambuyo kudzamaliza. Mkazi wa Montag, Mildred, amakhala tsiku lonse pabalaza pomwe makoma atatu ndi masikirini ndipo akuvutitsa mwamuna wake kuti agule lachinayi, anthu a pa sikiriniwo amawatchula kuti achibale, mmakutu muli tizipangizo toimba usiku wonse, moti iye ndi mwamuna wake sakumbukanso kumene anakumanirana koyamba. Bradbury analemba izi kulibe foni ya mmanja ngakhale imodzi. Ine ndimaona mabanja pa nsima aliyense mutu uli pansi, mayi akufunsa mwana za kusukulu mwana ali ndi ma earphone, ndimakumbuka Mildred. Ndipo amene anaitana ozimitsa moto kuti adzatenthe nyumba ya Montag chifukwa ankabisamo mabuku, mmodzi mwa iwo anali Mildred yemweyo.

Kumapeto kwa bukulo kuli kachigawo kamene aliyense woponya zithunzi za anthu nkumati "mbava iyi, sheyani" ayenera kukadziwa. Montag wathawa, akumusaka ndi galu wa makina ndipo kusakako kukuonetsedwa pa TV mzinda wonse ukuonera. Atawazemba pamtsinje, akuluakulu anaona kuti owonera sangadikire, ndiye anangosankha munthu wina wosalakwa amene ankayenda yekha usiku, nkumupha pa kamera, nkulengeza kuti Montag wafa. Owonera anakhutira nkukagona. Kuno kwathu chithunzi chikazungulira ndi mawu akuti wakuba ana kapena wopopa magazi mukudziwa nokha zimene zimachitika, mu 2017 kumwera anthu anaphedwa ndi magulu chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Iwe amene wangodina forward uli pa mpando wako, dzanja lako lili momwemo.

Za Yevgeny Zamyatin ndingodutsapo mwachangu ngakhale ndiye anayamba onsewa. Buku lake We analilemba cha mu 1920 ndi 1921, kwawo ku Soviet Union linakanidwa mpaka 1988, linayamba kutuluka mu Chingerezi ku New York mu 1924. Anthu ake alibe mayina, ali ndi manambala ngati D-503, amadzuka, kudya ndi kuyenda pa ola limodzi, ndipo nyumba zawo ndi zagalasi kuti aliyense aoneke, kutsitsa katani mpaka chilolezo. Iwo nyumba zagalasi anawamangira. Inu mukumanga nokha: tili pa ulendo nyumba yatsala yokha, mwana wanga uyu ali sitandade 3 pa sukulu yakuti yunifolomu ikuoneka, chitupa changa chatuluka onani, nambala zonse zikuwerengeka. Mwana sanakupatseni chilolezo choyika moyo wake wonse pa intaneti, adzakula adzazipeza zili pomwepo.

Koma amene anatilosera bwino ife a lero ndi Aldous Huxley mu buku lake Brave New World, la mu 1932. Mdziko lakelo mulibe chikwapu. Ana amapangidwa mmabotolo, amagawidwa magulu kuyambira Alpha mpaka Epsilon, ali mtulo amawalizira mawu obwerezabwereza mpaka aliyense akhutire ndi malo ake, ndipo munthu akangomva kachisoni pang'ono amameza soma, mankhwala osangalatsa amene boma limagawa. Kukhala wekha nkumaganiza ndi chinthu chochititsa manyazi. Palibe amene akufuna kuwukira chifukwa palibe amene akumva kuwawa, paja akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. John, mnyamata amene anakulira kunja kwa dziko limenelo, akuuza wolamulira Mustapha Mond kuti iye safuna zofewazo, akufuna Mulungu, ndakatulo, ngozi yeniyeni, ngakhale ufulu wokhala wosasangalala. Anathawira kwayekha kuti akhale chete, koma wojambula wina anamubisalira nkumujambula akudzikwapula, kanemayo anatchuka, anthu anakhamukira kumeneko pa ndege zawo kudzamuonera ngati nyama, akukuwa kuti abwereze, ndipo madzulo a tsiku lotsatira anamupeza atadzimangirira. Palibe wapolisi anamugwira mnyamata ameneyo kumeneko. Anthu ofuna zosangalatsa ndi amene anamufikitsa pamenepo, ndiye musanaseke kanema wa munthu amene mutu wake sukuyenda bwino kapena mayi amene akumuvula pamsika, dziwani mbali imene mwaima.

Ndipo Orwell sanaiwale anthu osauka. Mu buku la 1984 anthu wamba, amene ndi 85 pa 100 alionse, chipani sichivutika nawo kwenikweni, chimangowapatsa mowa, mpira, nyimbo zopangidwa ndi makina ndi lotale imene mphoto zake zikuluzikulu ndi zabodza. Anyamata athu amene mumatha usiku mukubetcha pa foni, mumadziwa matimu onse a ku Ulaya koma dzina la khansala wanu simulidziwa, ganizani.

Musati zonsezi ndi za mmabuku. Mu 2009 kampani ya Amazon inafufuta mabuku mu Kindle, zipangizo zowerengera mabuku, za anthu amene anali atagula kale, osawafunsa, ndipo limodzi mwa mabukuwo linali 1984 lomweli. Mu 2013 Edward Snowden anaulula mmene bungwe la ukazitape la NSA ku America linkatolera zambiri za mafoni ndi intaneti za anthu miyandamiyanda. Mu 2018 kunaphulika nkhani ya kampani ya Cambridge Analytica, ndipo iyi ndi imene ndikufuna ikulowereni: anthu pafupifupi 270,000 anayankha timafunso ta pa Facebook toti adziwe khalidwe lawo, ndipo kudzera mwa iwo panatengedwa zambiri za anthu ofika 87 miliyoni, ambiri mwa iwo anzawo amene sanadine kalikonse. Kusasamala kwa mmodzi kunagulitsa anzake mazanamazana. Ndi chimodzimodzi iwe ukamatsitsa app ya ngongole kapena ya masewero nkuvomera kuti ione manambala onse a mufoni mwako, wapereka amayi ako, abusa ako, abwana ako, iwo osadziwa. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2018 SIM card kuno inalembetsedwa ndi chitupa chako, dzina labodza la pa Facebook silikubisa monga ukuganizira, ndipo pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limene anthu amangidwa nalo chifukwa cha zolemba. Zina mwa zomangazo ine sindigwirizana nazo ndipo tiyenera kumazitsutsa poyera, koma tidzatsutsa bwanji boma pa zoyang'anira nzika pomwe ife tomwe tikutumizirana ma screenshot a abale athu?

Ndiye ndikupemphani, ndipo kwa inu ana anga ndikulamula. Zimene munthu wakuuza awiri zikhale za awiri. Chithunzi cha maliro, cha wodwala, cha mwana wa eni, cha munthu amene akumuganizira zakuba, chikafika pa foni yako chithere pomwepo, ngati pali mlandu pita nacho ku polisi. Ukaona gulu lagwera munthu mmodzi usawonjezere mwala wako, ndipo ngati uli ndi mtima lemba kuti anzanga izi sizabwino, akutukwana inde koma pamakhala ena ambiri amene amangodikira wina ayambe. Inu ma admin a magulupu a mpingo, a kumudzi, a ma old students, ntchito yanu si kungolandira anthu atsopano ayi, fufutani zonyansazo ndipo wobwereza mchotseni ngakhale akhale wachibale wa amfumu. Aphunzitsi a Chingerezi ku sekondale, pezani limodzi mwa mabuku anayiwa muwerenge ndi ana anu, mukayambe ndi la Bradbury chifukwa ndi lalifupi ndipo chilankhulo chake mwana wa Form 3 atha kuchitsata, kenako Orwell, ndipo pofika pa nkhani ya Parsons muime muwafunse kuti sabata ino atumiza ma screenshot angati ndipo anali a ndani.