Nanga za 1933 ku Monaco mwazisiyiranji?

A mtolankhani, mwalemba ngati mpikisano wa magalimoto wa m'misewu ya Monaco nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe unali wa ma Mercedes okhaokha, ayi ndithu. Woyamba mu 1929 anawina ndi William Grover-Williams pa Bugatti yobiriwira, yemweyo anadzaphedwa ndi a Nazi kundende ya Sachsenhausen ku Germany mu 1945 atagwidwa ali kazitape wa Britain. Ndiye 1933 yo, ndi chaka chomwe anasiya kuchita maere posankha oyambira kutsogolo nkumayang'ana amene wathamanga kwambiri poyeserera, madalaivala a ku Italy Varzi ndi Nuvolari anapanikizana koopsa kumangolandana kutsogolo mpaka raundi yomaliza injini ya Alfa Romeo ya Nuvolari inafa, mkuluyo kutsika nkumakankha galimoto abale, koma anamuchotsabe mumpikisano. Mercedes inadzayamba kuwina kumeneko mu 1935.